Mpira waphwa, koma wauphwetsa ndani?

Sabata ino tiwoloke nyanja tikafike ku America, kumene ali ndi mpira wawowawo, wosongoka uku ndi uku, woponya ndi manja. Nkhani yake ndi ya mpweya.

Pa 18 Januwale 2015 timu ya New England Patriots inathambitsa Indianapolis Colts 45 kwa 7. Kumeneko timu iliyonse imabwera ndi mipira yake, ndipo lamulo likuti mpweya ukhale pakati pa 12.5 ndi 13.5 psi, womwe ndi muyeso wa kulimba kwa mpira. Pa nthawi yopumula anayeza mipira 11 ya Patriots, yonse n'kupezeka yochepa mpweya. Amati mpira wofewa ugwirika bwino m'manja, makamaka kukagwa mvula.

Mwina mukuti mlandu watha. Ayi ndithu! Aliyense wa njinga adziwa kuti tayala limafewa kukazizira, popanda woliboola. Mipirayo inayezedwa koyamba m'chipinda chofunda, kenaka n'kutuluka nayo panja pozizira. Zoyezera zinali ziwiri ndipo sizinkagwirizana, komanso miyeso yoyamba ija palibe anailemba. Nanga mpira ungatiuze bwanji zimene munthu anaganiza mumtima?

Choncho loya wofufuza nkhaniyi, Ted Wells, anayang'ananso anthu. Kamera inaonetsa wantchito wosunga mipira akulowa nayo m'chimbudzi, n'kukhalamo mphindi imodzi ndi masekondi 40. Mu uthenga wina wa pa foni wa mu 2014, bamboyo anadzitcha "wophwetsa". Atsogoleri a timu anati iye ankanena zochepetsa thupi. Apa ndiye ine ndinaseka!

Koma chilango chachikulu chinagwera katswiri woponya mpira, Tom Brady, amene palibe anamuona ndi singano m'manja. Lipoti la mu Meyi 2015 silinati analamula. Linangoti n'kutheka kwambiri kuti ankadziwako. Chimene chinamupweteka ndi foni yake, imene inaphwanyidwa masiku omwewo amene ankakumana ndi ofufuza. Iye anati amatero nthawi zonse akagula foni yatsopano.

Yerekezani ndi goloboyi Kim Christensen wa IFK Göteborg ku Sweden. Mu 2009 kamera inamugwira akukankha mitengo ya golo kuti ichepe, ndipo anavomera yekha kuti sikanali koyamba. Pamenepo palibe chofunsa.

Kwa ine, wantchito uja ali ndi zoti afotokoze, koma pa Brady umboni unali wopyapyala. Kuphwanya foni ndi kukana kuthandiza ofufuza ndi mlandu pawokha, ndipo akanamulanga pa chimenecho poyera, osati kuchisandutsa umboni wa mpweya.

Timu inalipira madola miliyoni imodzi. Brady anamuimitsa masewero anayi. Khoti linachotsa chilangocho mu 2015, lina n'kuchibwezeretsa mu 2016, ndipo anachigwira. Paja m'chigawo chachiwiri cha masewero aja, mipira itapopedwa bwinobwino, Patriots inagoletsa 28, Colts osapeza kanthu.