Kamera ikuiona njinga ya kabaza, koma chilango chikuphonya

Oyendetsa galimoto pamsewu wa M1 adazolowera kuphethirana nyali akamayandikira malo ochitira malonda monga Lumbadzi, Nathenje, Lizulu ndi Lunzu, pochenjezana kuti kutsogolo kuli apolisi apamsewu ndi makina oyezera liwiro. Amene wakodwa amadziwa chotsatira. Amaimitsidwa, amauzidwa liwiro lomwe makinawo aona, amaonetsa chiphaso chake, ndipo akavomera kulakwa amalipira chindapusa n'kulandira lisiti ya boma. Akakana, nkhani imapita kukhoti. Lamulo la zapamsewu la 1997, Road Traffic Act, limamanga woyendetsa njinga yamoto chimodzimodzi ndi woyendetsa galimoto pankhani ya liwiro. Koma pamsewu penipeni, ndondomeko yomwe imagwira dalaivala wa galimoto imaduka ikafika pa wakabaza, ndipo apa ndi pamene pagona vuto la zilango zomwe anthu akhala akulira kuti zikhwime.

Chilango cha liwiro chimatsamira pa zinthu ziwiri: nambala ya njinga ndi chiphaso cha woyendetsa. Nthambi ya boma yoona zapamsewu, Directorate of Road Traffic and Safety Services, yakhala ikunena mobwerezabwereza kuti njinga zambiri za kabaza n'zosalembetsa ndipo ambiri mwa oziyendetsa alibe ziphaso. Zambiri mwa njingazi zidalowa m'dziko muno kudzera njira zachidule kuchokera ku Mozambique ndi Tanzania, osalipira msonkho ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Njinga yopanda mapepala a msonkho singalowe m'kaundula wa MalTIS, yopanda nambala singapeze chikalata chotsimikiza kuti ili bwino, ndipo inshuwalansi nayo imakhala palibe. Choncho mnyamata amene wapolisi wamukwezera dzanja chifukwa chothamanga amadziwa kuti akaima sayankha mlandu umodzi. Ayankha wa liwiro, wa chiphaso, wa nambala, wa inshuwalansi, mwinanso wa chipewa choteteza mutu ndi wonyamula anthu opitirira muyeso. Amawerengera msanga, n'kuona kuti kuthawa n'kotchipa. Amatembenuka pakati pa msewu, kapena kuwonjezera moto n'kukhotera m'kanjira kolowa kumsika, ali ndi mayi ndi mwana kumbuyo. Malo omwe adakhazikitsidwa kuti achepetse liwiro amasanduka malo omwe njinga imathamanga koposa.

Amene wagwidwa, kawirikawiri njinga yake imalandidwa. Milu ya njinga zomwe zimaunjikidwa pamabwalo a polisi pakachitika chipikisheni ndi umboni woti apolisi sakungokhala. Funso ndi lakuti wogwidwayo amaphunzirapo chiyani. Poti mlandu wosavuta kutsimikiza ndi wa mapepala, zokambirana zonse zokaombola njinga zimazungulira pa mapepala. Liwiro lomwe lidayambitsa nkhani limaiwalika. Mnyamatayo amabwerera pasiteji atataya masiku angapo a ntchito, ali ndi ngongole kwa amene wamuthandiza kuombola njinga, ndipo njira imodzi yokha yomwe akudziwa yobwezera ndalamazo ndiyo kuchulukitsa maulendo patsiku.

Palinso nkhani ya malo omwe makina oyezera liwiro amaikidwa. Njinga zambiri za kabaza, za mtundu wa Lifo, Sanlg, Kinglion kapena Boxer, zili ndi injini zazing'ono. Pamsewu waukulu wopanda anthu, zikanyamula katundu sizipikisana ndi galimoto. Liwiro lawo loopsa limaoneka kwina: m'misewu ya ku Ndirande, Bangwe, Kawale, Area 25 ndi Chibavi, pakati pa minibasi zoima paliponse, ana opita kusukulu ndi amayi oyala malonda m'mbali mwa msewu. Kumeneko makina safikako kawirikawiri, ndipo njinga ikhoza kukhala pansi pa liwiro lolembedwa pachikwangwani koma ikuthamangabe mopyola zomwe malowo angalole. Njinga yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, pamene ya makilomita 40 imadutsa mamita 11. Mphamvu yomwe imaomba nayo munthu sikwera mofanana ndi liwiro. Kuchoka pa 40 kufika pa 60, mphamvuyo imaposa kawiri, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse njinga umawirikiza kanayi. Kugunda chinthu cholimba pa liwiro la makilomita 50 kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10. Wokwera galimoto ali ndi lamba ndi chitsulo chomuzungulira. Wokwera njinga amalandira mphamvu yonseyo ndi thupi lake. Ikakhala kuti njinga yopangidwira anthu awiri yanyamula anayi ndi thumba la chimanga, mabuleki ake amakhala akugwira ntchito yomwe sadapangidwire.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'lipoti lake la 2023, lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili ndi chiwerengero chokwera kwambiri cha imfa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Bungweli limanenanso kuti liwiro lapakatikati pamsewu likakwera ndi 1 peresenti yokha, mpata wa ngozi yakupha umakwera ndi 4 peresenti. Kuno kwathu, madotolo a mafupa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu pangozi za njinga zamoto. Wothyoka fupa la ntchafu amatha masabata kapena miyezi asakugwira ntchito, ndipo bedi lomwe wagonapo ndi lomwe wodwala wina akudikira. Ndalama zonsezi amalipira ndi okhoma msonkho, kuphatikizapo amene sadakwerepo kabaza.

Nanga n'chifukwa chiyani akabaza amathamanga chotere, pamene iwo eni ndiwo amayamba kuvulala? N'zosavuta kunena kuti ndi chibwana kapena mowa, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma ambiri mwa anyamatawa njinga si zawo. Mwini njinga, yemwe akhoza kukhala mphunzitsi, wamalonda kapena wogwira ntchito m'boma, amafuna ndalama yokhazikika tsiku lililonse kapena sabata iliyonse, kaya kwagwa mvula kaya mafuta asowa. Ena amagwirizana kuti mnyamata akalipira kwa miyezi yakutiyakuti njinga idzakhala yake, ndipo akaphonya kangapo mgwirizano umatha. Woyendetsa amayamba wapeza ya bwana, kenaka ya mafuta, yotsalayo ndiyo ya ndiwo kunyumba. Kugwa kwa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023 kudakweza mitengo ya matayala, oyilo ndi zipangizo zina, pamene wokwera akadali kunenerera mtengo wa ulendo. Masiku a mizere italiitali pamalo omwetsera mafuta adadyanso maola omwe akadakhala a ntchito. Pamenepa mphindi iliyonse ndi ndalama. Okwera nawo sali oyera: munthu amasiya minibasi n'kusankha kabaza chifukwa wachedwa, ndipo ndi iye amene amauza woyendetsa kuti aponde moto.

Lamulo limaletsa mwini galimoto kapena njinga kuipereka kwa munthu wopanda chiphaso. Koma njinga ikakhala yosalembetsa, mwini wakeyo sadziwika m'buku lililonse la boma. Amaonekera pokhapokha pokaombola katundu wake, nthawi zina kudzera mwa munthu wina, ndipo ndalama yomwe walipira amakaidula kwa mnyamata yemweyo. Akale adati wopusa adaimba ng'oma, wochenjera navina. Amene amaika muyeso wa ndalama womwe umakakamiza liwiro sakumana ndi wapolisi, sagona m'chipatala, ndipo saima pamaso pa majisitireti.

Pakachitika ngozi yoopsa, mawu omwe amamveka msanga ndi akuti zindapusa zikwere. Mfundoyi ili ndi maziko ake, chifukwa chindapusa cholembedwa m'makwacha chimapepuka chaka ndi chaka mitengo ikamakwera. Komabe kukula kwa chindapusa kuli ndi malire ake. Kwa mwini galimoto yapamwamba, chindapusa cha liwiro ndi ndalama ya chakudya chamasana. Kwa wakabaza, ndalama yomweyo ikhoza kukhala phindu la masiku angapo, ndipo zikaphatikizidwa ndi za milandu ina ija zimafika pamlingo woti sangalipire ngakhale atafuna. Chilango chomwe munthu sangathe kulipira chimatsegula khomo la kukambirana kuseri kwa galimoto ya polisi. Kafukufuku wa Afrobarometer wakhala akuonetsa kuti Amalawi ambiri amaika apolisi m'gulu la mabungwe omwe amawaganizira kwambiri za ziphuphu, ndipo chindapusa chikakwera popanda kusintha kalipiridwe, chomwe chimakwera nacho ndi mtengo wa kangachepe. Odziwa za chitetezo cha pamsewu amagwirizana pa mfundo yakuti chomwe chimasintha khalidwe la woyendetsa ndi kudziwa kuti akalakwa agwidwa ndithu, kuposa kuopsa kwa chilango chomwe chimagwera mmodzi mwa ambiri. Chipikisheni cha sabata imodzi chotsatiridwa ndi miyezi ya bata chimaphunzitsa akabaza kubisala sabata imodziyo basi.

Kukhoti nako kuli mpata womwewo. Gawo 126 la lamulo la zapamsewu limakamba za kuyendetsa mosasamala, ndipo ndi lomwe apolisi amatchula munthu akafa chifukwa cha kuyendetsa kotero. Khoti likhoza kulamula chindapusa, ndende, kapena kuimitsa chiphaso cha wolakwa. Kuimitsa chiphaso ndi chilango chomwe dalaivala wa basi kapena thiraki amachiopa kwambiri poti chimamuchotsa pantchito. Kwa munthu amene sadakhalepo ndi chiphaso, palibe chomulanda. Wovulazidwa ndiye amatsala padzuwa, chifukwa popanda inshuwalansi chipukutamisozi chiyenera kuchokera m'thumba la mnyamata yemwe alibe kalikonse. Mwina ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe ngozi za kabaza zimathera m'mikangano ya pamsewu pomwepo, akabaza anzake atazungulira galimoto ndipo aliyense akufuna kuti nkhani ithe apolisi asadafike.

Maiko ena a mu Africa adakumana ndi vutoli ndipo adatenga njira zosiyana. Boma la Lagos ku Nigeria lidaletsa njinga zonyamula anthu, zotchedwa okada, m'madera ena a mzindawo mu 2020, n'kubwerezanso chiletsocho mu 2022. Kubwereza komweko kukusonyeza kuvuta kothamangitsa ntchito yomwe anthu akuifuna. Ku Kigali m'dziko la Rwanda, njinga zili ndi nambala, oyendetsa amavala zovala zowazindikiritsa ndipo amanyamula chipewa chachiwiri cha wokwera. Makamera a liwiro omwe ali m'misewu ya kumeneko amajambula nambala, ndipo uthenga wa chindapusa umapita pafoni ya mwini wake popanda kuthamangitsana. Makamera otere atadzalidwa lero pamsewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre kapena pamisewu yatsopano ya mizere isanu ndi umodzi ku Lilongwe, angagwire galimoto zambiri, koma pa njinga angajambule misana ya anthu osadziwika.

N'chifukwa chake kulembetsa njinga kuyenera kuonedwa ngati chiyambi cha chilango cha liwiro, osati nkhani yapadera yotolera ndalama za boma. Maofesi akuluakulu a nthambi yoona zapamsewu ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pamene njinga zili paliponse mpaka ku Nsanje ndi Chitipa. Mnyamata wa ku Nthalire kapena Makanjira akawerengera ulendo, malo ogona, sukulu yoyendetsa ndi malipiro a chiphaso cha gulu A1 kapena A, amaona kuti n'kwapafupi kumangozemba. Boma laperekapo nthawi yoti eni njinga alembetse, akabaza nawo achitapo zionetsero podandaula za mitengo, ndipo andale amadziwa kuti anyamatawa ndi ochuluka ndipo amavota. Zotsatira zake zakhala kukhwimitsa lero, kufewetsa mawa. Mabungwe a akabaza, monga Macokasa, pamodzi ndi matcheyamani a masiteji, amadziwa dzina la woyendetsa aliyense ndi mwini njinga iliyonse pamalo awo, zomwe boma silidziwa. Tcheyamani amene angaimitse membala wake pasiteji kwa masiku atatu chifukwa chothamanga ali ndi chilango chomwe chimafika msanga kuposa cha khoti, ngakhale mphamvu yotere imafunika kuyang'aniridwa kuti isasanduke msonkho wina wa m'thumba.

Njinga ikakhala ndi nambala, wapolisi safunikanso kuithamangitsa. Chindapusa chikhoza kulembedwa pa dzina la mwini wake, kulipiridwa kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti ndalama isadutse m'manja, ndi kukula pamene njinga yomweyo yagwidwa kachiwiri ndi kachitatu. Mwini njinga akayamba kulandira mauthenga otere pafoni yake, adzakhala ndi chifukwa chofunsa mnyamata wake momwe akuyendetsera, ndiponso choganizira kawiri za ndalama yomwe amafuna patsiku. M'makwalala momwe wapolisi sangaime tsiku lonse, ntchito ndi ya makhonsolo a mizinda ndi bungwe la Roads Authority. Mgwirizano wa ku Stockholm wa 2020 udalimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola m'malo omwe galimoto zimasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, ndipo pafupi ndi sukulu ndi misika liwiro lotere limatheka ndi mahampu omangidwa bwino ndi malo owolokera okwezedwa, omwe amachedwetsa njinga yolembetsa ndi yosalembetsa yomwe.