Chimfine cha m'mawa uliwonse sichifuna makapusozi

Lero tikambe za mwana amene akangodzuka amayetsemula kasanu, kakhumi, mamina oyera ngati madzi, mphuno ndi maso zikuyabwa, koma thupi silitentha. Mumati ndi kuzizira kwa Dedza, n'kuthamangira kukagula amoxicillin. Chonde lekani. Mukungotaya ndalama, ndipo tsiku limene mwana adzadwaladi chibayo, mankhwalawo mwina sadzagwiranso ntchito.

Kawirikawiri gwero lake lili pogona. M'mabulangete, m'matiresi ndi m'mapilo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, pa Chingerezi amati dust mites. Si nsikidzi ayi, sitiluma. Timadya timafundo ta khungu lathu, timakonda chinyontho, ndipo ndowe zake ndi zimene mwana amapuma usiku wonse. Thupi la ana ena limaziona ngati mdani, n'kupanga asilikali otchedwa IgE, amene amatupitsa m'mphuno.

Kumayiko olemera kuli chithandizo chozoloweretsa thupi: jakisoni kapena piritsi loika pansi pa lilime, lokhala ndi kachidutswa ka tizilomboti, kwa zaka zosachepera 3. Pamenepo m'magazi mumachuluka asilikali ena, IgG4, otchinga njira ya IgE. Koma tamverani izi: IgG4 amatha kukwera ngakhale mwa munthu amene sakupeza bwino. N'chifukwa chake ngakhale dokotala wa ku London amafunsabe kuti, mukugona bwanji? Mukuyetsemula kangati? Mapiritsi mukumwa angati pa sabata?

Mayankho amenewo ali ndi inu, osati makina. Lembani pakapepala masiku amene mwana wavutika ndi amene wagona bwino, musunge m'buku lake la kuchipatala. Mukabwera nalo ku Kaphuka Health Centre, ntchito yathu imapepuka.

Kunyumba, yanikani zofunda ndi matiresi padzuwa tsiku lonse, muzikunthire panja mwana ali kutali. Bulangete losungidwa chichokere July musamufunditse musanalichape, ndi madzi otentha ngati n'kotheka. Wazani madzi musanasese, tsegulani mawindo. Utsi wa nkhuni umawonjezera vutoli.

Piriton amathandiza koma amagonetsa, mwana amasinza m'kalasi. Funsani za cetirizine ndi mlingo woyenera msinkhu wake.

Mwana akamalira m'chifuwa, kutsokomola usiku kapena kubanika, ikhoza kukhala mphumu. Akatentha thupi n'kumapuma mofulumira, musadikire kuche, bwerani naye.