Amene anafukula matope ku Chilobwe, anawafunsa ndani?

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, matope otsika m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe eni ake ali momwemo. Oyamba kufukula anali abambo ndi anyamata a m'deralo, makasu ndi mafosholo m'manja. Anatulutsa mitembo ya anansi awo, ena ya ana awo enieni. M'dziko lonse tinataya anthu oposa 1,000. Ufa unabwera, mabulangete ndi matenti zinabwera. Koma ndi angati mwa abambo aja amene wina anakhala nawo pansi n'kuwafunsa kuti, "Kodi usiku mukumagona?"

Mwamuna wa kwathu kuno akavulala mumtima sanena. Anakula akumva kuti mwamuna salira, ndipo pamaliro malo ake ndi panja pamoto kapena kumanda ndi adzukulu. Ululuwo umatulukira kwina. Amapita kuchipatala akudandaula mutu, kuthamanga kwa mtima ndi kusowa tulo, n'kubwerako ndi Panado. Mvula ikayamba kugunda malata amadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Kankhani kakang'ono kamamupsetsa mtima, madzulo amathawira ku kachasu. Ife timangoti wasanduka chidakwa, n'kuitana ankhoswe. Ndipo apolisi akamalengeza chiwerengero cha anthu odzipha chaka ndi chaka, ochuluka zedi amakhala amuna.

Bala lina ndi lakalekale, namondwe asanabwere. Kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti pafupifupi anyamata awiri mwa atatu alionse anamenyedwapo mwankhanza asanafike zaka 18, ndipo mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zogonana. Anyamata amenewo lero ndi abambo a makomo athu. Ambiri sanauzepo munthu.

N'chifukwa chake ndikulimbikira za uphungu umene umayamba wafunsa zimene munthu anakumana nazo, usanaweruze khalidwe lake. Munthu amene anaona imfa pafupi thupi lake limakhalabe tcheru ngakhale ngozi itatha kalekale. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti pa nthawiyo analibe chochita: madzi, womumenya kapena womugwirira ndiye anali ndi mphamvu zonse. Phungu wodziwa ntchito amabweza mphamvuzo pang'onopang'ono. Amalola bamboyo kusankha pokhala, ngakhale pafupi ndi chitseko. Amamuuziratu amene angamve nkhaniyo ndi amene sadzaimva. Samukakamiza kufotokoza zonse tsiku loyamba. Bungwe la WHO limaletsa ndithu mchitidwe wokakamiza munthu kubwereza zoopsa zimene wangoona kumene, chifukwa suthandiza ndipo ena umawaonjezera ululu. Ngati bamboyo akufuna kuyamba ndi za ngongole kapena za tulo, amayambira pomwepo. Zakuya zimadza zokha akaona kuti pano sandiseka, sandilalikira.

Ndinene mosabisa: izi sizikhululukira mwamuna womenya mkazi wake. Mayiyo ndi ana ayenera kutetezedwa lero lomwe. Koma bamboyo tikangomudzudzula osafika pamene panayambira moto, adzakwatira kwina n'kukachita zomwezo.

Chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zikugwira ntchito yaikulu, koma mlimi wa ku Phalombe sangafikeko msanga, komanso amaopa kuti anthu adzati wapenga. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi kunja kwa chipatala, ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amapezadi bwino. Ife tifunse kumene amuna amakhala kale: pabawo, pasiteji ya kabaza, kubwalo la mpira, m'magulu a abambo kutchalitchi ndi kumzikiti. Kumeneko n'kumene kukufunika amuna anzawo ophunzitsidwa kumvetsera, kusunga chinsinsi ndi kuzindikira msanga amene akuganiza zodzipha kuti apite naye kwa dokotala.

Unduna wa Zaumoyo uike maphunziro amenewa kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi, ndipo uyambire ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, dzinja lina lisanafike.