MALUWA A M'MALIRE A MINDA: DELIYA NDI ABALE AKE

Mvula ikamakata, cha m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, m'mbali mwa misewu ndi m'malire a minda mumawala maluwa achikasu amene ana asukulu ambiri amawayesa mpendadzuwa wakutchire. Kwa alimi a kwa Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga, kudziwa bwino duwa limeneli kwasanduka nkhani ya chakudya.

Dzina lake ndi deliya, ndipo akatswiri a zomera amalitcha Tithonia diversifolia. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wofuna kumzindikira ayambe wayang'ana masamba. Tsamba la deliya ndi logawika nsonga zitatu kapena zisanu ndipo limawawa kwambiri. Chomeracho chimakula mwa chitsamba, kupitirira msinkhu wa munthu, nichita maluwa ambirimbiri. Mpendadzuwa wa m'munda kawirikawiri umakhala ndi mutu umodzi waukulu ndi masamba osagawika. Chisoso, chimene chili m'banja lomwelo, n'chachifupi, maluwa ake ndi aang'ono, oyera m'mbali ndi achikasu pakati, ndipo njere zake zakuda zimamata zovala. Chisoso ndi ndiwo, deliya saphikidwa.

Nanga n'chifukwa chiyani deliya akutchuka? Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza unakwera kotero kuti mabanja ambiri osapeza makuponi anabzala chimanga chopanda chothira. Kafukufuku amene anachitika kumadzulo kwa Kenya m'zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti masamba aawisi a deliya amaola msanga ndi kupereka chakudya chambiri m'nthaka. Alimi ena amawanyikanso m'madzi, nagwiritsa ntchito madziwo pothirira ndiwo zamasamba kapena pothamangitsa tizilombo. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa.

Komabe kalumoko kamachekanso mwini nyumba. Deliya sali ngati nandolo kapena mtedza, zimene zimakoka chonde kuchokera mumpweya. Iye amangosamutsa chonde cha pamene wamera kupita pamene masamba ake akwiriridwa. Kuti munda wa ekala imodzi upindule pamafunika mitolo yochuluka, ndipo ntchito yotema ndi kusenza si yamasewera. Kuwonjezera apo, akalekereredwa amafalikira msanga, naphimba udzu wa ziweto ndi zomera zachilengedwe.

Motero nzeru ndi yakuti mlimi amusunge m'malire a munda, azimutema asanachite njere, ndipo azimugwiritsa ntchito pa dimba ndi pa manyowa a kompositi, pamene phindu lake limaonekera msanga. Pafupi ndi madambo a Chiuta, pamene pali mpunga ndi msipu, asabzalidwe konse. Wokayika za chomera chimene wapeza angachionetse kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake. Nawo aphunzitsi angatumize nthambi ya masamba ndi maluwa ku National Herbarium ku Zomba.

Gawo lotsatira lidzakamba za chisoso ndi malo ake pa chakudya cha m'nyengo ya njala.