Luso Lopanda Zida ndi Msika

Boma la Malawi lakhala likunena kuti chuma cha dziko chidzakwera achinyamata akaphunzira ntchito zamanja. M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la TEVETA, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha ndalama zoyendetsera maphunzirowa. Mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji a luso m'madera, kuwonjezera pa akale monga Soche, Nasawa ndi Namitete. Zonsezi n'zoyamikika, koma ntchitoyi ikuthera panjira.

Mnyamata wophunzira ukalipentala amatuluka m'koleji ndi chikalata chokha. Macheka alibe, nyundo alibe, ndipo banki imafuna chikole chimene iye sangachipeze. Amayamba kudalira zida za anzake, chonsecho nkhwangwa yobwereka sikhalira kuguluka. Mapeto ake amaima pamsewu kugulitsa mayunitsi, kapena amakwera basi ya ku Johannesburg, luso lake n'kukapindulitsa eni dziko.

Ena amati boma silingalembe ntchito aliyense. N'zoona, koma palibe amene akupempha zimenezo. Boma ndilo wogula wamkulu m'dziko muno. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana ambiri akuphunzirabe atakhala pansi. Madesiki akusowawo angathe kukhomedwa ndi amisiri a m'dera lomwelo, malinga apatsidwe ngongole ya zida ndi kulipidwa msanga. Ndondomeko ya Buy Malawi ya 2016 idauza anthu kuti azigula zopangidwa m'dziko muno. Woyamba kuimvera akhale mwini wake, boma.