Mlendo wa ku Fort Lister adye kalongonda

Mlendo wakunja amene wasankha kukwera phiri la Mulanje kudzera ku Phalombe amayambira pa Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pomwe Angerezi anamanga linga mu 1893 kuti atseke njira ya ogula akapolo. Amaona zipupa zotsala, amajambula, kenako n'kuuyamba ulendo wokwera phiri kupita ku Sombani, womulondolera njira patsogolo, womunyamulira katundu pambuyo. Akatsika, njala itamupweteka, timapita naye pamalo odyera pa boma kapena pa Migowi n'kumuikira tchipisi, nkhuku yokazinga ndi Fanta. Apa m'pamene tikulakwitsa. Munthuyu wawoloka nyanja kudzaona zimene kwawo kulibe, ife n'kumupatsa chakudya chopezeka m'tauni iliyonse padziko lapansi.

Chonsecho Phalombe ili ndi mbale yakeyake: nandolo, makaka, chigwada chotendera, matemba a ku Chilwa, thobwa la mapira, ndiponso kalongonda. Kalongonda si nyemba wamba. Amafuna kuwiritsa nthawi yaitali, madzi n'kumataya kangapo, chifukwa akapanda kupsa bwino amazunguza mutu. Mayi amene amadziwa kumuphika wasunga luso limene makolo a Alhomwe anabwera nalo pochoka ku Mozambique, kuthawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwera m'thangata m'maesiteti akuno. Mlendo akamva zimenezi mbale ili patsogolo pake, mbiri imene anaiona m'zipupa m'mawa uja imapitirira, ndipo tsopano akuimva kwa eni ake amoyo. Bungwe la UNESCO linazindikira kale kufunika kwa chikhalidwe chotere. Linalemba gule wa tchopa m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu mu 2014, nsima mu 2017, ndipo mu 2025 linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha zikhulupiriro ndi miyambo ya anthu olizungulira. Kukanakhala kutalika kokha, nsonga ya phirili, Sapitwa, ya mamita 3,002, sikanapikisana ndi Kilimanjaro wa mamita 5,895. Chimene tili nacho choposa ena ndi anthu. Mlendo amadabwa akaona mwana akugwada pomuthirira madzi osamba m'manja, amadabwa akamva kuti ukapeza chakudya cha mizimu m'phiri umadya osaitana mnzako. Kudabwa kumeneko n'kumene anabwerera, bola pakhale wina womufotokozera mopanda manyazi.

Ena anena kuti mimba ya mzungu njosachedwa kutseguka, ndipo kalongonda ngoopsa. Nkhawayi njomveka, koma zimene zimatsegula m'mimba ndi madzi oipa, manja osasamba ndi chakudya chogona, osati mtundu wa ndiwo. Nsima yongophula kumene ndi ndiwo zotentha n'zodalirika kuposa tchipisi chokazingira mafuta a dzana. Kalongonda yekhayo ndiye asaphikidwe ndi wophunzira. Apatsidwe amayi amene akhala akudyetsa mabanja awo zaka zonsezi, ndipo mlendo auzidwe chimene akudya kuti asankhe yekha.

Chotsutsa chachikulu chili mumtima mwathu. Kwathu kuno mlendo timamuphera nkhuku, ndipo makaka ndi kalongonda ambiri amazikumbukira ngati chakudya cha m'miyezi ya njala. Kuziika pamaso pa munthu wolemekezeka kumaoneka ngati kumunyoza, mwinanso kuulula umphawi wa pakhomo. Maganizo amenewa sindikuwapeputsa, chifukwa amachokera m'kulemekeza alendo, khalidwe limene sitiyenera kulitaya. Nkhuku yachikuda ikhalepo ndithu. Koma tidzifunse chifukwa chake chakudya chomwecho chimadyedwa monyadira pa Chonde mu Okutobala, pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe, pamaso pa akuluakulu a dziko, kenako n'kubisidwa kukhitchini miyezi ina yonse. Chakudya chimene chinapulumutsa mtundu pa njala n'choyenera ulemu, ndipo ana athu akaona mlendo wochokera ku Berlin akuchidya n'kufunsa maphikidwe ake, nawonso adzasiya kuchinyoza. Sindikunena kuti tivale zikopa kapena kuvina tchopa masana aliwonse pofuna makobidi. Kudyetsa munthu chimene umadya wekha si sewero.

Palinso onena kuti alendo ofika kuno ngochepa, ambiri amakwerera ku Likhubula, ndipo boma limene linakokoloka ndi napolo mu 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 likusowa milatho ndi nyumba lisanaganize za alendo. N'zoona, ndipo mbale ya mlendo singamange mlatho. Komabe taonani kumene ndalama imapita. Hotelo imafuna mpamba wochokera kutali, phindu lake n'kubwerera komweko. Mphika, nkhuni ndi luso zili kale m'mudzi. Mlimi wa nandolo anaona mu 2017, India atachepetsa kugula, kuti mtengo wa mbewu yake amaudula anthu amene sadzawaona. Alendo sangagule nandolo yense wa m'bomali, koma mbale imodzi yophika bwino imagulidwa mtengo woposa kilogalamu ya nandolo wouma pamsika, ndipo ndalamayo imagwera m'manja mwa wophikayo tsiku lomwelo.

Khonsolo ya Phalombe pamodzi ndi Mulanje Mountain Conservation Trust angayambe ndi midzi ya kufupi ndi Fort Lister: kupeza magulu a amayi ofuna kuphikira alendo, kuwathandiza ndi madzi aukhondo ndi maphunziro a kasamalidwe ka chakudya, kugwirizana mtengo poyera, ndi kuuza olondolera njira kuti potsika ku Sombani azidzera kumeneko.