Munda Wosaitanira Dima

Kwa Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba, munda ukakula udzu mwini wace sadandaula yekha. Mai wa pakhomo amafulula mowa kapena kuphika thobwa, mau amapita kwa anansi, ndipo m'mawa makasu makumi awiri amalowa m'munda umodzi. Pofika dzuwa pamutu nchito ya sabata lathunthu yatha. Ndi dima imeneyi imene yasunga akazi amasiye ndi nkhalamba m'midzi ya Mfumu Kalindawalo, Nyamphande, Ndake ndi Luembe kuyambira kale.

Koma ilipo minda ina imene mwini wace saitanira dima. Kunja kwace kuli cimanga cokongola. Pakati, pamene munthu wopita m'njira sangaone, pali camba. Wolima munda wotere amapalira yekha m'bandakuca, amathamangitsa ana a mnansi wofuna therere, ndipo mbuzi ikalowamo mlandu wace umakula koposa wa mbuzi.

Cimene cimakopa anthu cidziwika, ndipo sibwino kucibisa. Camba sicilira feteleza wambiri monga cimanga. Ncopepuka: kathumba konyamula panjinga kangapose mtengo wa matumba angapo a cimanga, amene afunika ngolo ndi ng'ombe kuti afike ku msika. Wogula amadza yekha pakhomo usiku ndi ndalama m'manja, naloza ku Lusaka pa mseu wa Great East, kudzera pa Kacholola ndi ulalo wa Luangwa. M'caka ca cilala monga 2024, pamene Boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka, mau a wogula wotere amakoma m'khutu.

Kusokonezeka kwina kunabwera mu December 2019, pamene nduna za Boma zinavomereza kuti camba cingalimidwe kaamba ka mankhwala ndi malonda a kunja. Mbiri inafika kumidzi itaduka mcira: ati camba caloledwa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsadi malamulo atsopano, lina la camba ca mankhwala, lina la camba ca m'mafakitale cimene sicoledzeretsa, copangira zingwe, nsalu ndi mafuta. Onsewa afuna cilolezo. Mtengo wa cilolezo umene unamveka mu 2019 unali madola 250,000 pa caka, ndalama zimene mudzi wonse sungasonkhe ngakhale utagulitsa ng'ombe zonse m'khola. Kwa mlimi wa ku Minga kapena ku Nyalugwe palibe cinasintha. Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linayamba nchito mu 1989, likali kuzula camba ndi kumanga ocilima. Pansi pa lamulo la 1993 wolima anali kuyembekeza ndende yofika zaka 10, ndipo lamulo limene linalowa m'malo mwace mu 2021 silinacotse mlanduwo.

Alipo anyamata amene amati camba ndi fodya wa mtendere, nachula dzina la Bob Marley, woimba wa ku Jamaica amene anadzaimba pa ufulu wa Zimbabwe mu 1980. Nyimbo zace nzabwino, ndipo akulu ena sakana kuti cambaco makolo anali kucidziwa. Koma mtendere wa munthu mmodzi wokhala pansi pa mtengo wa mango ndi wosiyana ndi mtendere wa mudzi, ndipo pano ndi paciwiri pamene pamaonongeka.

Galimoto ya Boma ikacoka ndi womangidwa, funso limene limatsala m'mudzi ndi limodzi: anaulula ndani? Mlamu amakayikira mlamu. Nyakwawa amanenedwa kuti anagulitsa mwana wace, kapena kuti anadziwa nakhala cete. Konse kuwiri mpando wace umagwedezeka. Amene anakangana za malire zaka zisanu zapitazo amakumbukiridwa. Ena amaleka kupemphana moto, ndipo pa maliro anthu amakhala magulu awiri. Wogula uja, amene anapindula koposa onse, dzina lace lenileni palibe alidziwa, ndipo mlanduwo amaumvera kutali.

Anthu a dera lino si alendo pa nkhani ya kusungana. Pamene nkhondo inasautsa Mozambique m'zaka za m'ma 1980, othawa analandiridwa m'midzi ya m'malire, napatsidwa nsima ndi malo, asanapite ku Ukwimi kumene analima mpaka mtendere wa 1992 utawatsegulira njira yobwerera. Zimenezo zinatheka cifukwa khomo lililonse linali lotseguka kwa mnzace.

Tsopano mkazi wa womangidwa amatsala ndi ana ndi munda wa cimanga umene udzu wafika m'ciuno. Afuna kuitana dima. Mowa angafulule, koma ayamba wakhala pakhonde kuwerenga makomo amene angatumeko mwana ndi amene sangatumeko.